Mwala Uliwonse Uli ndi Ntchito Yake: Tisanagule Kwale ndi Mchenga

Mvula ikangokata, mpunga n'kulowa m'matumba, usipa n'kuyamba kuyera pamatandala, maganizo a ambiri a ife amapita ku zomanga. Wina akufuna kuthira simenti pansi m'nyumba kuti ana asiye kugona pafumbi. Wina chimbudzi chinagwa ndi mvula ya mu Febuluwale. Ena akusonkherana kuti awonjezere chipinda pa madrasa. Ndi nthawi yomweyi imene milu ya miyala imachuluka m'mbali mwa misewu yathu, kuyambira ku Mangochi ndi Monkey Bay mpaka msewu wa M5 wodutsa ku Salima ndi Nkhotakota.

Tikamakonzekera kumanga, nkhani yonse imakhala pa simenti. Thumba lafika pa zingati? Tigule wa kampani iti? Zikafika pa miyala ndi mchenga timangoti, "Aaa, mwala ndi mwala basi, tumani ana akatole." Komatu mu konkire, pafupifupi magawo atatu mwa anayi ndi miyala ndi mchenga. Simenti ntchito yake ndi kumata. Akamata zinthu zofooka kapena zamatope, ndalama ya nsomba za nyengo yonse imathera mu silabu imene ing'aluke chaka chisanathe. Pulasitala amabisa zonsezi kwa kanthawi, koma paja chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere.

Tiyidziwe ndi mayina ake

Woyamba ndi kwale, miyala yoswa yokhala ndi nsonga. Nsongazo ndi zimene zimaupatsa mphamvu: miyala imakolana yokhayokha, simenti n'kupeza pogwira. Kwale wa kumakina amagulitsidwa potengera kukula kwake. Wa mamilimita 19 kapena 20, wonga chala chachikulu cha kumanja, ndiye wa ntchito zambiri: pansi pa nyumba, mabimu, zipilala. Wa mamilimita 10 mpaka 13, wonga mtedza, ndi wa zinthu zopyapyala monga silabu ya chimbudzi kapena chivundikiro cha chitsime. Wa mamilimita 40, wofika ngati dzira la nkhuku laling'ono, amayenera mu konkire yochindikala ya pansi pa maziko, mopanda zitsulo.

Lamulo la amisiri ndi losavuta kukumbukira: mwala waukulu kwambiri usapitirire gawo limodzi mwa magawo anayi a kuchindikala kwa chimene mukuumba. Silabu ya masentimita 10 isalandire mwala woposa masentimita awiri ndi theka. Pomwe pali zitsulo, mwala uzitha kudutsa pakati pa zitsulozo popanda kukakamira. Ukakakamira, pansi pake pamatsala mphako, madzi amalowa, chitsulo chimachita dzimbiri.

Ambiri a ife timagula kwale woswa pamanja chifukwa ndiye ali pafupi ndiponso mtengo wake timaukwanitsa. Alibe vuto akachokera ku mwala wolimba. Chofunika n'chakuti asefedwe, chifukwa mu mulu umodzi mumakhala zazikulu, zazing'ono ndi fumbi. Sefa ya waya yokhomera pa thabwa imatha ntchitoyi tsiku limodzi.

Yachiwiri ndi nsangalabwi, timiyala tosalala toburungira ta mumtsinje ndi m'mbali mwa nyanja. Madzi anatipera kwa zaka zambiri mpaka nsonga zonse zinatha. Konkire ya nsangalabwi imasakanizika mofewa, ndipo yaukhondo imagwira ntchito pa zinthu zosanyamula katundu wolemera. Koma ntchito imene imaikhoza koposa ndi yodutsitsa madzi: m'dzenje lomwetsa madzi, mozungulira mapaipi a mjigo, m'mphepete mwa khonde. Pa njira yodutsa ngolo kapena galimoto nsangalabwi siigwira, imangogubuduka pansi pa tayala.

Yachitatu ndi miyala ikuluikulu, yoyambira pa chibakera kufika pa mutu wa munthu. Iyi ndi yoyala pansi konkire isanathiridwe, yomangira maziko, yotchingira zigwembe ndi yoteteza gombe.

Palinso dothi lofiira la timiyala, limene ena amati lubwe, a zamisewu amati gravel. Limeneli lili ndi dongo pang'ono, n'chifukwa chake likanyowetsedwa ndi kutsenderedwa limauma gwa. Pa msewu wopita kudoko kapena pabwalo la msika wa nsomba ndi labwino zedi. Mu konkire ndi mdani, chifukwa dongo lomwelo limakuta timiyala, simenti n'kulephera kugwira.

Chomaliza ndi fumbi la kwale, zotsalira za kumakina oswera miyala. Kuyambira mu 2018, pamene boma linaletsa njerwa zowotcha pa zomanga za boma ndi zamalonda pofuna kupulumutsa mitengo, mabuloko a simenti achuluka, ndipo oumba ambiri amagwiritsa ntchito fumbi limeneli. Limapanga buloko lolimba, koma likakhala losalala kwambiri ngati ufa limamwa madzi ambiri, ndiye ndi bwino kulisakaniza ndi mchenga wa mumtsinje.

Mwala wabwino umadziwika ndi kulira

Mapiri a m'mbali mwa nyanja yathu ali ndi miyala yolimba yotuwa ndi yakuda yamathothomathotho, yonga ya ku Cape Maclear ndi mapiri a ku Senga. Koma si mwala uliwonse wa m'phiri umene uli wamoyo. Wapamwamba, umene wakhala padzuwa ndi pamvula zaka zosawerengeka, nthawi zambiri umakhala wovunda. Umaoneka wachikasu kapena wofiirira, ndipo ndi wosavuta kuswa. Woswa miyala amaukonda chifukwa sutopetsa mkono. Wogula ndiye ayenera kuchenjera.

Tengani miyala iwiri muigundanitse. Wabwino umalira ngwee, wovunda umangoti phu. Upereseni ndi msomali: ukamagumuka ngati chigumu chouma, usiyeni. Tapani wodzaza manja muufikise. M'manja mukatsala dothi lofiira, mulu wonsewo ufunika kutsukidwa usanalowe mu konkire. Onaninso maonekedwe: miyala yopyapyala ngati mapale kapena yaitali ngati zala imathyoka msanga ndipo imasiya mipata. Yabwino ndi yojintcha mbali zonse.

Funsaninso mmene unaswedwera. Ena amasonkha moto wa nkhuni kapena matayala pa thanthwe kuti ling'aluke. Mwala wopsa umakhala ndi ming'alu yosaoneka ndi maso, ndipo mphamvu yake imachepa. Ukakhala wakuda ndi mwaye kapena wofiira ngati njerwa, usapite mu bimu.

Mchenga: wa mumtsinje, wa kudambo, wa kunyanja

Mchenga wa mumtsinje, wokhakhala m'manja, ndiwo wa konkire ndi mabuloko. Wa kudambo ndi wosalala ndipo uli ndi dothi pang'ono. Umamata bwino pomanga njerwa ndi popaka pulasitala, koma mu silabu umafooketsa.

Nanga wa kunyanja, umene tili nawo pakhomo penipeni? Nyanja yathu ilibe mchere ngati ya ku Beira kapena ku Dar es Salaam, ndiye mchenga wake sudya zitsulo. Vuto lake ndi lina. M'magombe ambiri ndi wosalala kwambiri, umafuna madzi ndi simenti wochuluka kuti ugwire, komanso umabwera ndi zigoba za nkhono, zinyalala za bango ndi mamba a nsomba. Vuto lalikulu koposa tilikamba kumapetoku.

Mchenga uliwonse uyesedwe ndi botolo. Tengani botolo loonekera m'kati, thiranimo mchenga mpaka masentimita 10, onjezani madzi ndi kamchere pang'ono, khutchumulani kwambiri, muliike pansi kwa maola atatu. Mchenga ukhala pansi, matope akhala pamwamba pake ngati mzere. Mzerewo ukafika sentimita imodzi, mchengawo ndi wakuda: utsukidwe kapena mufune wina. Mayeso amenewa sadya ndalama, ndipo mwana wa sukulu akhoza kukuchitirani.

Muyeso usamayendere maso

Amisiri akamati 1:2:4 akutanthauza muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, inayi ya kwale. Imeneyi ndi konkire ya silabu, mabimu ndi chilichonse chokhala ndi zitsulo. Thumba la makilogalamu 50 limayenda ndi wilibala imodzi ya mchenga ndi mawilibala awiri a kwale. Tikunena wilibala ya amisiri ya malita 65, yodzaza molingana ndi milomo, osati yosongoka. Ya 1:3:6 ndi ya pansi pa maziko: matumba awiri, mawilibala atatu a mchenga, asanu ndi limodzi a kwale. Wilibala ikasowa, ndowa imodzi yomweyo iyeze zonse zitatu. Kuyeza ndi fosholo ndi kunamizana, chifukwa fosholo ya m'mawa ndi ya madzulo sizifanana.

Tiyerekeze chipinda cha mamita 3 m'lifupi ndi 4 m'litali, konkire yochindikala masentimita 10. Pa muyeso wa 1:2:4 mufunika matumba pafupifupi 8, mawilibala 8 a mchenga ndi 16 a kwale. Mmisiri akanena kuti matumba anayi akwana, mufunseni kuti wachotsa chiyani.

Madzi nawo ali ndi malire. Pa thumba limodzi la konkire ya silabu, malita pafupifupi 25 ndi okwanira, ndipo mchenga ukakhala wonyowa achepetsedwe. Anyamata osakaniza amakonda konkire yamadzimadzi ngati phala chifukwa siilemera pa fosholo. Madzi owonjezerawo akauma amasiya timabowo m'kati. Konkire yabwino imakhala ngati nsima yofewa, ndipo ikathiridwa ijobedwe ndi ndodo kapena chitsulo kuti mpweya utuluke.

Tikatha kuthira ntchito siinathe. Konkire imalimba ndi chinyezi, siilimba ndi dzuwa. Kuno kunyanja, ndi kutentha kwa mu Okutobala, silabu yosiyidwa pamtunda imauma pamwamba m'kati isanakhwime. Ifunditseni masaka, udzu kapena mchenga wonyowa, muzithirira m'mawa ndi madzulo kwa masiku osachepera 7. Mphamvu yake yeniyeni imafika pa masiku 28, choncho silabu ya chimbudzi isathamangiridwe kuikidwa padzenje.

Nthaka yathu ili ndi khalidwe lake

Kumanga m'mbali mwa nyanja n'kosiyana ndi kumanga kumtunda. Malo ambiri a m'zigwa za ku Salima, Bwanje ndi Mangochi ndi a makande, dothi lakuda limene limafufuma likanyowa n'kung'aluka likauma. Nyumba imakwera ndi kutsika nalo chaka ndi chaka, mpaka khoma lichite mng'alu woti dzanja n'kulowa. Pa dothi lotere maziko akumbidwe mozama, ndipo pansi pa chipinda achotsepo dothi lakudalo, ayalepo miyala ikuluikulu, aitsendere bwino, mipata aitseke ndi timiyala ndi mchenga. Pamwamba pake payalidwe pepala lakuda la pulasitiki konkire isanathiridwe. Miyalayo imadula njira ya chinyezi chokwera kuchokera pansi, chimene chimawoletsa mphasa ndi matumba a mpunga.

Madzi tawaona mphamvu yake. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anagwetsa nyumba zambiri kum'mwera, ndipo mu 2024 nyanja inakwera mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Khoma la njerwa zomangidwa ndi dothi likakhala m'madzi masiku angapo limasungunukira pansi. Amene sangakwanitse simenti wa nyumba yonse, ndalama yochepayo aiike kumapazi: maziko a miyala ndi simenti, okwera kufika m'mawondo pamwamba pa nthaka. Zapamwamba zikhoza kudikira chaka chamawa. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Tisaiwalenso kuti tili m'chigwa cha zivomezi. Akuluakulu a ku Salima akukumbukira cha mu Malichi 1989, ndipo a ku Karonga cha mu Disembala 2009. Bimu yozungulira nyumba pamwamba pa mazenera ndi lamba womanga makoma pamodzi. Apa ndiye posayenera kuumira: kwale wolimba wa mamilimita 19, mchenga woyera wa mumtsinje, muyeso wa 1:2:4.

Kumunda, pachitsime ndi pabwalo

Pali ntchito zambiri za miyala zosafuna ngakhale thumba limodzi la simenti. Pa mjigo, pa bafa ndi pochitira udhu pa mzikiti, madzi akamadikha amabala udzudzu ndi fungo. Kumbani dzenje la mita imodzi m'lifupi ndi kuya komwe, pansi muike miyala ikuluikulu, pakati yapakatikati, pamwamba timiyala. Madzi azilowa m'menemo kudzera m'kangalande. Pomwe madzi a pansi ali pafupi kwambiri dzenje lotere silimwa bwino, ndiye kuli bwino kuwalondolera ku nthochi kapena kudimba.

Pansi pa mathero a denga, pomwe madzi a malata amagwera, yalani timiyala kuzungulira nyumba. Madontho sakumbanso nthaka, ndipo matope sathovukira kukhoma. Pakhomo la khola, pomwe mbuzi ndi ng'ombe zimaponda matope nthawi ya dzinja, yambani ndi miyala ikuluikulu kenako lubwe wotsendera.

M'munda wotsetsereka, chigwembe chikayamba musadikire kuti chimeze mizere. Panga timakoma ta miyala modutsa chigwembecho, tosapitirira m'mawondo, tolowa m'makoma a chigwembe mbali zonse ziwiri. Pakati pakhale potsika kuposa m'mbali kuti madzi adutse pamenepo, ndipo kumunsi kwake yalani miyala yoti madzi azigwerapo. Timakoma tambiri tating'ono timaposa chikhoma chimodzi chachikulu, chimene madzi amangochizungulira. Dothi likadzaza kuseri kwake, bzalanipo vetiva. Dothi limene mwaligwira m'mundamo ndi lomwe likanakathera kunyanja.

Miyala ina ili kale pa ntchito

Apa ndi pamene nkhani ya omanga ikukumana ndi ya asodzi. Tikaona mchenga pagombe kapena nsangalabwi mumtsinje timaona ngati zangokhala. Zoona zake n'zakuti zili pa ntchito.

Mpasa ndi sanjika zimachoka m'nyanja kukwera mitsinje monga Bua ndi Linthipe kukaswana. Zimaikira mazira pa nsangalabwi za m'madzi osaya, oyera, othamanga, ndipo mazirawo amabisala m'mipata ya timiyalato mpaka ataswa. Tikakokolola nsangalabwi, kapena matope a m'minda ndi a pokumba mchenga akatseka mipatayo, mazira amafa. Msodzi aliyense wachikulire akuuzani mmene mpasa yasowera poyerekeza ndi kale. Zifukwa ndi zingapo, ndipo kuwonongeka kwa malo oswanira ndi chimodzi mwa izo.

Chambo chachimuna chimakonza chisa chonga mbale pamchenga wa pansi pa madzi, ndipo chachikazi chikasunga ana m'kamwa chimakawasiya m'madzi osaya a m'mabango. Mbuna nazo moyo wake wonse ndi m'miyala. Ndi chifukwa cha nsomba zimenezi kuti dera la Cape Maclear linakhala malo otetezedwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse. Kumeneko kuchotsa mwala ndi mlandu.

Gombe lenilenilo ndi mpanda wathu. Mwera ukamawomba, mafunde amathera mphamvu pamchenga. Matipa akamatapa mchenga pamalo amodzi tsiku ndi tsiku, nyanja imabwera kudzatenga wina kumtunda kuti ikwirire dzenjelo. Kumtundako ndi kumene kuli matandala athu, pokokera mabwato, nyumba, ngakhale manda. M'mitsinje namo, kukumba pafupi ndi mlatho kumafukula zipilala zake, kukumba m'khonde mwa mtsinje kumagumula madimba, ndipo maenje osiyidwa akadzaza madzi amakhala msampha wa ana.

Sitikunena kuti tisamange. Tikunena kuti tisankhe potenga. Mchenga utengedwe pomwe mtsinje waunjika wokha pakati pa khwawa louma, kutali ndi milatho ndi makonde a mtsinje, ndipo osakumba mozama. Miyala ichokere kumtunda, pamalo amene amfumu ndi anthu agwirizana. Wofuna kukumba kuti azigulitsa ayambe wapita ku khonsolo kukafunsa za chilolezo. Makomiti a BVC, amene amayang'anira kale za maukonde oletsedwa ndi nyengo yotseka nyanja, nkhani ya mchenga wa pagombe ndi yawonso. Kuteteza chambo m'nyengo yoswana uku tikugulitsa pogona pake ndi kutunga madzi ndi dengu.

Pa malonda pakhale chilungamo

Amene amaswa miyala m'mbali mwa msewu ambiri ndi amayi, ena ndi okalamba. Wilibala imodzi imawatengera nthawi yaitali ali padzuwa, tizidutswa tikuthethekera m'maso, fumbi likulowa m'chifuwa. Fumbi la mwala likapumidwa zaka zambiri limawononga mapapo, ndipo matendawo sachizika. Kuwaza madzi pa mulu, kukhala mbali imene mphepo ikuchokera, kuvala magalasi otchinga maso ndi kugwira mwala ndi mkombero wa tayala m'malo mwa zala, zonsezi zimathandiza. Ana malo awo ndi kusukulu ndi ku madrasa, hamala si yawo.

Wogula asapondereze mtengo chifukwa choti wogulitsa ali ndi njala. Wogulitsa naye asabise miyala yovunda pansi pa mulu, yabwino n'kuika pamwamba. Tonse tikudziwa kulemera kwa nkhani ya muyeso pa chipembedzo chathu, ndipo wilibala ndi muyeso monga mmene ilili ndowa ya usipa. Gwirizanani poyamba: wilibala iti, yodzaza motani, ndipo pisani dzanja pansi pa mulu musanalipire. Mukagula pa tipa kapena pa ngolo, dziwani kuti kiyubiki mita imodzi ndi mawilibala pafupifupi 15, kapena ndowa 50 za malita 20. Werengani katundu akamatsika, dalaivala asanachoke.

Miyala ikafika pakhomo, itsitsireni pamalo osesa, kutali ndi mitengo yoyoyola masamba, ndipo mulu wa mchenga utalikirane ndi wa kwale. Simenti agulidwe pomalizira, zonse zikakhala pamalo, chifukwa kuno kunyanja chinyezi chimamuumitsa ali m'thumba. Miyala siiwola, mukhoza kuyamba kusonkhanitsa lero wilibala imodzi imodzi, ndipo Allah akalola, mvula ikamadzagwa idzapeze maziko atakhwima.